Kamuvi ka pa laputopu kakamangodumphadumpha, yambani mwazula chaja

Anzanga, kamuvi ka pa laputopu kakayamba misala, inu mukuloza uku iko kakuthawira uko, musathamangire kunena kuti touchpad (pamalo paja mumayendetsapo chala kuti kamuvi kayende) yafa ayi. Zulani kaye chaja muone ngati kakhazikike. Ma chaja ena osakhala orijino amatulutsa magetsi osakhazikika, ndiye poti touchpad imamva chala kudzera mu timagetsi tochepa kwambiri, imasokonezeka msanga. Yanga inkapenga ikakhala pa chaji pokha, nditasintha chaja zinatheratu.

Zikapitirira pukutani touchpadyo ndi kansalu kouma, thukuta, mafuta odzola kapena kadontho kamodzi ka madzi kamakwana kuyipusitsa. Ena vuto ndi chikhatho chomwe chimagunda mukamataipa, pa Windows lowani mu Settings, pa Touchpad, mutsitse sensitivity kuti isamamve msanga ikangokhudzidwa pang'ono. Driver, pulogalamu imene imayendetsa touchpadyo, mutha kuyipanga update mu Device Manager ya Windows koma kunena zoona nthawi zambiri vuto silikhala limenelo.

Ichi chokha musachitenge mwachibwana: mukaona touchpad yatukuka kapena ikulimba podina, mwina batire yatupa pansi pakepo. Osayiboola, osayikanikiza. Thimitsani laputopuyo, ichotseni pa chaji mupite nayo kwa okonza asinthe batire.