Kamwedwe ka metformin, ndi masiku oti muwaimike kaye

Adokotala akakupezani ndi shuga wa type 2, uja kawirikawiri amabwera munthu utakula kale, nthawi zambiri mankhwala oyamba kukupatsani amakhala metformin. Ndi akalekale ndithu, anayamba kuperekedwa kwa odwala shuga ku France mu 1957, ndipo mpaka pano amadaliridwabe chifukwa sanenepetsa komanso paokha sagwetsa shuga mwachisawawa. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa chiwindi kuthira shuga wambiri m'magazi, kenako kuthandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito insulin yomwe lili nayo kale, ija imatsitsa shuga m'magazi. Vuto ndi loti anthu ena amawasiya msanga, ndipo kawirikawiri chimawathamangitsa ndi m'mimba.

Nde tiyambire pomwepo. Pilisi lanu imwani mukudya kapena mutangomaliza kudya, osati m'mimba muli gwa. Masiku oyambirira mutha kumva nseru, m'mimba kuwira, mpweya, kutsegula pang'ono, ena mkamwa mumamveka ngati anyambita kiyi, zonsezi zimachitika ndipo kwa ambiri zimatha zokha thupi likazolowera. N'chifukwa chake adokotala amayambira pansi, 500 mg kamodzi patsiku, n'kumaonjezera pakatha sabata kapena masabata awiri, ena amafika mpaka 2000 mg patsiku ogawa kawiri kapena katatu. Musadumphe masitepe amenewa ati kuti shuga atsike msanga, mungodzizunza. Ngati m'mimba mwakana ndithu, funsani za mtundu wosungunuka pang'onopang'ono, pabokosi amalemba XR kapena SR. Umenewu mumameza wathunthu, osatafuna, osaphwanya, ndipo mukaona kachikhokho kake m'chimbudzi musadabwe, mankhwala ake analowa kale m'thupi.

Mwaiwala kumwa? Ingodikirani nthawi yotsatira n'kumwa mulingo wanu wa masiku onse. Osamwa awiri kuti mubweze.

Tsopano nkhani yomwe ine ndimaona kuti siifotokozedwa mokwanira, anthu amangouzidwa kuti osadumphitsa mankhwala osadumphitsa mankhwala, koma sauzidwa kuti alipo masiku ena omwe metformin amafunika kumuimika kaye. Mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Madzi akachepa m'thupi impso zimagwira ntchito mwaulesi, mankhwala aja amaunjikana, ndipo akaunjikana asidi wotchedwa lactic acid amatha kuchuluka m'magazi. Sizichitika kawirikawiri ayi, koma zikachitika zimatha kupha. Choncho tsiku lomwe mukusanza kwambiri, mwatsegula m'mimba mosalekeza, thupi latentha ndipo chakudya ndi madzi sizikukhazikika, imikani metformin, yesetsani kumwa madzi pang'onopang'ono, yezani shuga pafupipafupi ngati muli ndi kamashini, ndipo dziwitsani akuchipatala tsiku lomwelo. Mumayambiranso mukatha tsiku limodzi kapena awiri mukudya ndi kumwa bwinobwino. Apa sindikunena kutsegula kwapang'ono kwa masiku oyamba kuja eti, ndikunena matenda enieni oumitsa thupi, pakamwa pouma, mkodzo wochepa wofiirira.

Ndipo mukayamba kupuma mothamanga komanso mozama, minofu ikuwawa, mwafooka modabwitsa, tulo tosatha, kuzizidwa, zitha kukhala zizindikiro za asidi uja, musagone kuti tiona mawa. Thamangani kuchipatala ndipo mukafika nenani kuti mumamwa metformin.

Pa chifukwa chomwechi impso zanu ziziyezedwa musanayambe mankhwalawa komanso kamodzi pachaka, kuposera apo ngati ndinu achikulire. Pa pepala la zotsatira yang'anani pomwe alemba eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito. Ikatsika pansi pa 45 adokotala amachepetsa mulingo, ikafika pansi pa 30 metformin samwedwanso. Mapilisi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amapweteka impso mukamawamwa pafupipafupi, nde musamangowagula ngati maswiti, funsani kaye. Mukauzidwa zojambula CT scan yomwe amabaya mankhwala m'mitsempha, kapena zokapanga opaleshoni, auzeni msanga, nthawi zambiri amakuimitsani kaye ndipo pa scan paja mumadikira maola 48 musanayambirenso. Mowa wambiri, makamaka m'mimba mulibe kanthu, ndi mdani wina chifukwa nawo umakweza asidi uja. Amene mumamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir dziwani kuti amakweza metformin m'magazi, sikuti musiye ma ARV ayi, koma adokotala a mbali zonse ziwiri adziwe kuti akonze mulingo. Zitsamba zomwe anthu amati zimachiza shuga nazo zitchuleni, manyazi sathandiza, palibe akudziwa zomwe zikuchita ku impso zanu.

Ena mumamwa metformin pamodzi ndi mapilisi ena a shuga, glibenclamide kapena gliclazide, kapena mumabayanso insulin. Apa zinthu zimasintha, chifukwa amenewa amagwetsa shuga kwenikweni mukamwa osadya kapena mukagwira ntchito yakalavulagaga. Muyamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda, njala yoopsa, kuona zinthu mwa chimbuuzi, wina amangoyamba kukwiya kapena kuyankhula zosamveka anthu n'kumati waledzera. Pa kamashini shuga amakhala pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL ngati kanu kamawerenga choncho. Sungunulani timasupuni titatu kapena tinayi ta shuga m'madzi n'kumwa, dikirani mphindi 15, yezaninso, ngati akadali pansi bwerezani, akakwera idyani chakudya chenicheni. Anthu omwe mumakhala nawo aziwadziwa masitepe amenewa, komanso adziwe kuti munthu akakomoka samuthira kanthu mkamwa, amamugoneka chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Mukamwa metformin kwa zaka, vitamini B12 amatha kuchepa m'thupi. Dzanzi kumapazi, kutopa, magazi kuchepa, musangoti ndi shugayo, pemphani akuyezeni chifukwa vuto limeneli limachizika. Amayi amene mwaima kapena mukufuna kutenga pakati kambiranani ndi adokotala msanga, musasiye nokha komanso musapitirize mwakachetechete.

China chimapusitsa anthu ndi kumva bwino. Ludzu latha, kukodzakodza usiku kwasiya, kamashini kakuonetsa manambala abwino, basi munthu wati ndachira n'kuponya mapilisi mu drowa. Manambalawo ali bwino chifukwa cha mapilisi omwewo, mukasiya shuga amakweranso mwakachetechete n'kumadya maso, impso ndi mitsempha inu osamva kanthu. Choyezera chodalirika ndi HbA1c, yomwe imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu yapitayi, ndipo kwa akuluakulu ambiri cholinga chimakhala cha m'ma 7%. Ngati pali zochepetsa mulingo, zichokere pa zotsatira zimenezo mutakhala pansi ndi adokotala.