Mmene Madokotala Amaphatikizira Mankhwala Awiri Poyeza Homoni ya Kukula

Homoni ya kukula imapangidwa m'kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, ndipo imatuluka mwa apo ndi apo, makamaka munthu akagona tulo tofa nato. Choncho kuyeza magazi kamodzi kokha sikungasonyeze ngati kachiwaloka kakugwira bwino ntchito, n'chifukwa chake madokotala amayamba akadzutsa ndi mankhwala.

Njira ina ndi kuphatikiza mankhwala awiri otchedwa GHRH ndi GHRP-6. GHRH imalamula pituitary kuti itulutse homoniyo, pamene GHRP-6 imagwira pamalo ena, pomwe pamagwiranso ghrelin, homoni ya m'mimba imene inatulukiridwa ku Japan mu 1999. Popeza aliyense amalowera khomo lake, akaperekedwa pamodzi homoni imatuluka yochuluka kuposa mutawonkhetsa zimene aliyense angatulutse payekha.

Ngati mukukayezedwa, musadye chilichonse usiku wonse mpaka m'mawa, chifukwa shuga ndi mafuta m'magazi zimachepetsa homoni yotuluka. Muuzeni dokotala mankhwala onse amene mukumwa. Namwino adzaika kachubu mumtsempha, adzatenga magazi oyamba, kenako adzabaya mankhwala molingana ndi kulemera kwanu ndipo adzatenganso magazi kangapo pakamapita mphindi zoikika. Nkhope ikhoza kutentha kwa kanthawi. Kunenepa kwambiri kumatsitsa zotsatira, ndipo dokotala wosamala amaganizira zimenezi asanagamule kuti muli ndi vuto.

Musadzibaye nokha mankhwala amenewa mutawagula pa intaneti, pakuti simungadziwe zimene zili m'botolomo, komanso bungwe la WADA, lomwe limalimbana ndi mankhwala oonjezera mphamvu m'masewera padziko lonse, limawaletsa kwa ochita masewera.