Kwa oyeza misewu kuchigwa cha Luangwa

Anzanga amene mukupita kukayeza misewu kumalo osungirako nyama zakutchire a Luambe kapena South Luangwa, malaya abuluu ndi akuda asiyeni ku Chipata. Kashembe amakopeka ndi mitundu imeneyi, komanso amalondola galimoto ikamayenda. Valani zakhaki zokhuthala za manja aatali, chifukwa nsalu yopyapyala amangoiboola.

Podutsa m'nkhalango yothithikana tsekani mawindo, ngakhale kutenthe bwanji, ndipotu mu Okutobala kumatenthadi. Mukaima, dikirani pang'ono m'galimoto kuti amwazikane, kenako tulukani ndi zipangizo zanu. Musanabwerere ku Mfuwe suzumirani pansi pa mipando, ena amabisala kumeneko.

Wina akatentha thupi atalumidwa, auze achipatala za dera limene amagwirako ntchito, chifukwa kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi kashembe, amayamba ngati malungo.