Mmene mungadziwire ngati tristeza ndiyo ikupha malalanje anu

Mwafunsa za mitengo yomezanitsa imene ikufota mwadzidzidzi zipatso zikadali pamtengo. Mwina ndi tristeza, matenda a malalanje oyamba ndi vairasi. Yambani mwakumba pang'ono muone mizu, chifukwa mizu ikaola m'dothi lodikha madzi mtengo umafotanso chimodzimodzi.

Kenako sendani kakhungwa pamalo omezanitsira. Ngati tsinde ndi la sour orange (mtundu wa malalanje owawasa) ndipo vuto ndi tristeza, mkati mwa khungwalo muona timabowo tothinana ngati chisa cha njuchi. Nthambi mukazisenda zimaonetsa timizere tolowa mkati. Onaninso nsabwe zakuda pamphukira, ndizo zimafalitsa vairasiyu.

Maso okha sakwanira ayi. Dulani mphukira zanthete kumbali zinayi za mtengo, ikani m'pulasitiki, sungani pozizira, mupite nazo ku Mount Makulu, malo ofufuzira za ulimi ku Chilanga m'dziko la Zambia, mukafunse za mayeso ofufuza vairasi otchedwa ELISA kapena RT-PCR. Musadule mu Okutobala: kukatentha kwambiri vairasi amachepa m'masamba, mayeso angathe kumuphonya.