Bati ya thabwa la hinoki: kasankhidwe ndi kasamalidwe kake

Hinoki ndi mtengo wa ku Japan wa banja la mkungudza, ndipo akatswiri a zomera amautchula Chamaecyparis obtusa. Thabwa lake ndi lopepuka, lofewa, la maonekedwe achikasu chotuwira, ndipo fungo lake limayandikira la mandimu. Osewera tenesi ya pathebulo amalikonda chifukwa cha mmene limalandirira mpira. Pomenya, mpira umangomva ngati walowa pang'ono m'thabwa, wakhalamo kamphindi, kenako n'kuchoka ndi liwiro. Kamphindi kameneko ndi komwe kamakupatsani mpata woupota mpira. Ine ndimati ndalama zanu mukulipirira kamphindi kameneko basi, ndipo zonse zimene ndilembe pano ndi zoti musakawononge.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa bati imene mukufuna. Pali ya thabwa limodzi lokha, losamata ndi lina, lochindikala mamilimita 9 kapena 10. Imeneyi ndi imene osewera a ku Japan ndi ku Korea ogwira bati ngati cholembera akhala akuidalira. Ryu Seung-min wa ku South Korea anagonjetsa Wang Hao wa ku China pa ndime yomaliza ya masewera a Olimpiki ku Athens mu 2004 ali ndi bati yotere m'dzanja. Bati imeneyi imafuna munthu wa miyendo yochangamuka, wokonda kuzungulira mpira kuti aumenye ndi mphamvu zonse kumbali ya dzanja lake lamphamvu. Ngati mumagwira bati ngati mukupatsana moni wa chanza ndipo mumasewera mbali zonse ziwiri, kuchindikala kumeneku kungakuvuteni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Inu yang'anani ya timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi, monga Septear ya kampani ya Nittaku yomwe ili ndi timatabwa 7 ta hinoki. Palinso zokhala ndi hinoki kunja ndi kaboni mkati, monga Primorac Carbon ya Butterfly, koma zimenezi ndi zaliwiro kwambiri, ndipo wongoyamba kumene sindingamulangize kuti ayambire pamenepo. Malamulo a ITTF, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, amati magawo osachepera 85 pa 100 alionse a kuchindikala kwa bati akhale thabwa lenileni, choncho mitundu yonseyi ndi yololedwa.

Tsopano mizere. Apa ndi pamene muyenera kufatsa. Itengereni batiyo powala, muiyang'ane pamaso pake. Mizere ya thabwa iyenera kuyenda mowongoka kuchokera kuchogwirira mpaka kunsonga, moyandikana, ndiponso motalikirana mofanana kuyambira m'mphepete muno mpaka m'mphepete mwinamo. Mzere uliwonse ndi chaka chimodzi cha mtengowo. Hinoki wotchuka kwambiri amachokera m'chigwa cha Kiso, m'chigawo cha Nagano, kumapiri kozizira kumene mtengo umakula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mizere yake imathithikana. Mitengo imene amachekako matabwa abwino imakhala ya zaka 200 kapena 300. M'nthawi ya Edo (1603 mpaka 1868), olamulira a ku Owari, amene ankayang'anira nkhalango za ku Kiso, analetsa anthu kudula mitengo imeneyi mwachisawawa, ndipo kachisi wa chipembedzo cha Shinto wa ku Ise, amene amamangidwanso pa zaka 20 zilizonse, amadalira hinoki. Mitengo yakale yotere ndi yochepa, ndiye musadabwe kuti bati yake ndi yodula.

Mukatha kuyang'ana pamaso, itembenuzeni muone m'mphepete mwa kunsonga. Pa bati ya thabwa limodzi, mizere iyenera kuima chilili kuchokera kumaso kuno kukafika kumaso kwinako. Ikakhala yopendekera kwambiri, thabwalo silichedwa kupindika nyengo ikasintha. Kenako igwireni ndi zala ziwiri kuchogwirira, muigogode ndi mfundo ya chala pakati ndi m'mbali. Kulira kwake kukhale kodzaza ndi kofanana. Kukamveka mwapena kosasa, mwina muli mng'alu umene maso sakuuona. Ipimeninso pasikelo, chifukwa mabati awiri a dzina limodzi amatha kusiyana ndi magalamu angapo.

Musanamate labala womenyera mpira pamaso pa bati, pakani vanishi. Hinoki ndi wofewa, ndipo tsiku lochotsa labala wakale tiulusi ta thabwa timatha kunyamuka limodzi ndi guluu. Vutoli linakula pamene guluu wakale wa mankhwala onunkha analetsedwa mu 2008, anthu n'kuyamba kugwiritsa ntchito guluu wosungunulidwa ndi madzi, amene amagwira kwambiri komanso amanyowetsa thabwa. Koma pakani pang'ono chabe. Ine ndimadontheza vanishi pakansalu, ndimapukuta kamodzi motsatira mizere, ndipo nthawi yomweyo ndimachotsa wotsala ndi mbali youma ya kansaluko. Ikauma, thabwa lisamanyezimire. Mukaona likunyezimira ndiye kuti mwachulukitsa, mwaliumitsa pamwamba, ndipo kufewa kuja mwakutseka. Zikatero palani mopepuka ndi sandipepala wosalala kwambiri. Guluu nayenso akhale wopyapyala, pathabwa ndi palabala pomwe, ndipo mudikire aume mpaka asiye kuoneka woyera musanaphatikize.

Pochotsa labala, musamukoke kuchokera kuchogwirira kupita kunsonga, chifukwa mukatero mukutsata ulusi wa thabwa. Yambirani m'mbali, muzikoka mopingasa, pang'onopang'ono.

Amene mumagwira bati ngati cholembera mudzafunika kusema pamapewa pake pamene zala zimakhala. Palani pang'ono ndi sandipepala, mukasewere, mubwerenso mupale pang'ono. Chala chokha chidzakuuzani poyenera kusiyira, ndipo chimene mwachotsa sichibwerera.

Choopsa chachikulu pa bati ya thabwa limodzi ndi kung'aluka. Popeza mulibe kathabwa kena kopingasa koigwira, ikamenyeka pangodya ya thebulo imatha kugawanika pawiri motsatira mzere, ngati chikuni chowazidwa ndi nkhwangwa. Matani tepi yochindikala m'mphepete monse, ndipo muzisamala potola mipira yofupika imene yagwera pafupi ndi mphepete mwa thebulo. Isungeni m'chikwama cholimba, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo musaisiye m'galimoto yotentha. Ikang'aluka bwinobwino popanda zidutswa zotayika, musaitaye. Pakani guluu wa matabwa mbali zonse za mng'aluwo, muugwirizanitse pamalo osalala kuti maso a bati akhale ofanana, muumange zolimba, ndipo muusiye tsiku lathunthu musanamatenso labala.