Kunjako mabingu sachita kubwera ndi chizimalupsa

Mu April 2021 achimwene anga amene amagwira ntchito ya m'gadeni ku Cape Town ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp ine ndili kuno ku Area 25. Anaima kuseri kwa nyumba ya abwana awo ku Vredehoek, paipi ya madzi ili m'manja, kumbuyo kwawo phiri lonse lili utsi wokhawokha, iwo n'kumanena kuti musadandaule mlongo, ndi katchire chabe aka kwathu timazimitsa ndi masamba. Tsiku limenelo ndi lomwe moto unapsereza laibulale ya Jagger pa yunivesite ya UCT, ophunzira anachita kusamutsidwa. Kutacha mphepo inakula moto unakhotera kumene kunali iwoko, anathawa ndi zovala za m'thupi basi, foni inathima chaja, ife kuno tinakhala tsiku lonse osadya osadziwa ngati ali moyo. Anapulumuka, komabe mawu aja akuti katchire chabe sanandichoke m'mutu, chifukwa ndi mmene ambirife timaganizira, ndipo inu abale athu amene mukukhala mayiko akunja maganizo amenewa akhoza kukuphetsani.

Ife moto wa tchire timaudziwa inde. Ikafika August mpaka October anyamata osaka mbewa ayatsa, utsi uli tolo cha ku Dzalanyama uko, timaphulusa takuda tikugwera pa zovala zomwe mwayanika, anthu athyola nthambi zaziwisi n'kuyamba kupuma motowo mpaka uzime. Koma taonani, umenewu ndi moto wa udzu, ndipo pakhomo pathu timasesa mpaka dothi kuwala ndiye ukafika pabwalo umasowa chodya. Kenako kukangomveka bingu chakumapeto kwa October mtima umakhala pansi, chizimalupsa chafika, nyengo ya moto yatha. Amene anaonapo paini wa ku Chikangawa akuyaka ndi okhawo amene angamvetseko pang'ono zomwe ndikunena, moto woyenda m'mwamba mwa mitengo uku ukulira ngati chilole, woti nthambi yako yaiwisiyo sungayandikire nayo n'komwe.

Ndiye nkhani ya mabingu ija. Kumapiri a kumadzulo kwa America, Canada, Spain, Portugal, ngakhale Australia, nthawi yotentha mpweya wapansi umakhala wouma kwambiri. Mitambo imachita kuda bwinobwino pamwamba pa phiri, mabingu kugunda, mvula imayambadi kugwa kumwambako koma imauma isanafike pansi, mukayang'ana mumangoona ngati tizingwe tolendewera kumtambo tosafika panthaka. Mphenzi yokha ndi imene imafika, pamodzi ndi chimphepo chochokera mumtambomo chomwe chimakupiza motowo mbali iliyonse. Mu August 2020 ku California mphenzi zotere zinagwa masauzande ambiri m'masiku atatu okha n'kuyatsa moto m'malo mazanamazana nthawi imodzi, ozimitsa moto anachepa. Ku Jasper, tauni ya m'mapiri ku Canada, mu July 2024 zinayambanso ndi mphenzi, anthu pafupifupi 25,000 anasamutsidwa ndipo pa nyumba zitatu zilizonse za m'tauniyo imodzi inapsa. China chomwe anthu sadziwa n'chakuti mphenzi ikamenya mtengo moto utha kumangonyeka mkati mwa thunthu kapena m'mizu masiku angapo osaoneka, kudikira tsiku lotentha la mphepo. Ndiye mabingu akadutsa Lachiwiri kopanda mvula yeniyeni musati zatha, Lachisanu ndi Loweruka lake muzikhalabe tcheru, muziyang'ana kuphiriko.

Nyengo yake imasiyana ndi komwe muli. Ku Cape Town ndi m'mafamu a zipatso ndi mphesa cha ku Ceres, Grabouw, Franschhoek ndi kuyambira cha mu December mpaka April, nthawi yomwe kwathu kuno mvula ili pakati, iwo kumakhala kouma gwaa ndi mphepo ija ya kum'mwera chakum'mawa yosalekeza. Inu a ku Joni, Mpumalanga ndi KwaZulu-Natal yanu ikufanana ndi yathu, nthawi yozizira mpaka mvula iyambe. Koma osadalira kalendala kwambiri, moto wa ku Knysna ku South Africa womwe unapha anthu 7 n'kupsereza nyumba mazanamazana unali wa mu June 2017, wa ku Paradise ku California womwe unapha anthu 85 unali wa mu November 2018, wa ku Los Angeles uja ndi wa mu January 2025. Chofunika kuyang'ana ndi zinthu zitatu pa foni yanu pomwe pamaonetsa zanyengo paja: kutentha kukadutsa madigiri 30, chinyezi cha mumpweya chikatsika pansi pa 30 pa 100, mphepo ikadutsa makilomita 30 pa ola, tsiku limenelo kambaliwali kamodzi n'kokwanira. Ku America amalengeza kuti Red Flag Warning, ku South Africa amagwiritsa mitundu ndipo zikafika pa olenji kapena pofiira ndiye zavuta, ku Australia akalemba Catastrophic tanthauzo lake chokani kuderako moto usanayambe n'komwe.

Tsopano phiri. Moto umathamanga pokwera kuposa potsika chifukwa malawi amapendekera kumtunda n'kumaumitsiratu zomwe zili kutsogolo, ozimitsa moto amaphunzitsidwa kuti malo akapendekeka ndi madigiri 10 liwiro lake limawirikiza kawiri, akafika 20 ndiye kanayi. Munthu pokwera phiri umachepetsa liwiro, moto umawonjezera, ndiye musayerekeze kuuthawira kumtunda. Tizigwa topanikizika tija timakoka moto ngati chumuni. Ndipo vuto lalikulu la matauni a m'mapiri ndi msewu, nthawi zambiri umakhala umodzi kapena iwiri yokhotakhota mitengo mbali zonse. Ku Pedrógão Grande ku Portugal mu June 2017 anafa anthu 66, ndipo 47 mwa iwo anafera pamsewu umodzi, m'magalimoto mwawo kapena pafupi ndi magalimotowo, akuthawa mochedwa. Izi zimandipweteka ndikamaziganiza chifukwa anthuwo anachita zomwe aliyense akanachita, kungoti nthawi inali itatha.

Choncho chokani msanga. Akangoti konzekani inu nyamukani, makamaka ngati mulibe galimoto yanuyanu, muli ndi ana, kapena mukusamalira agogo oyenda pa wilitcheya monga ambiri a inu amene mumagwira ntchito yosamalira okalamba. Osadikira kuti muone malawi kaye, osadikiranso kuti wina abwere kudzagogoda, nthawi zina meseji imachedwa kapena netiweki imagwa. Amene muli ndi galimoto nyengo yotentha thanki isamatsike pansi pa theka, muziimika yoyang'ana kunja, ndipo ngati geti kapena chitseko cha galaja ndi chamagetsi phunzirani lero kutsegula ndi manja chifukwa magetsi ndi amene amayamba kuthima. Amene mulibe pezani munthu pano, neba kapena m'bale wa kutchalitchi, mugwirizane kuti tsiku limenelo adzakutengani, ndipo mudziwe njira ziwiri zotulukira m'dera lanu osati yokhayo mumadutsa popita kuntchito.

Kachikwama kakhale pafupi ndi chitseko nyengo yonseyi. Pasipoti ndi mapepala onse okhalira m'dzikomo, makalata obadwira a ana, masatifiketi, mankhwala ngati muli pa ma ARV kapena a BP kapena shuga, chaja ndi pawabanki yodzadza, ndalama pang'ono za kashi, tochi, madzi. Mapepalawo muwajambulenso n'kutumiza kwa m'bale wodalirika kuno kumudzi, nonse mukudziwa mmene pasipoti imavutira kupeza ina uli kunja, ulendo wa ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena Washington si wapafupi. Zovala zothawira zikhale za thonje zamanja aatali, jinzi, nsapato zotseka. Majezi a mpira aja ndi zina za nayiloni zimasungunukira pathupi. Ndipo mukatuluka mwatuluka, osabwerera kukatenga TV kapena katundu amene mumasonkhanitsa kuti mudzatumize kumudzi, ndikudziwa ndi thukuta la zaka koma ayi ndithu.

Pali china chomwe sitimakambirana poyera. Ena mapepala anu sali bwino ndiye mukamva sairini mumabisala, mumaopa kuimba foni kapena kupita komwe akusungira anthu othawa. Chonde tsiku la moto imbani. Ku South Africa pa foni ya m'manja ndi 112, a ku Cape Town mulinso ndi 021 480 7700, ku Ulaya 112, ku America ndi Canada 911, ku Australia 000. Nenani komwe mwaona utsi, dzina la msewu ndi chizindikiro chapafupi. A Red Cross ku America amanena okha kuti m'malo awo osungira anthu safunsa za mapepala. Ndipo ngati kwanuko boma lili ndi dongosolo lotumiza machenjezo pa foni lembetsani, a kumadzulo kwa America ikani Watch Duty, pulogalamu ya pa foni yochenjeza za moto, ndi yaulere.

Inu a m'magadeni ndi m'mafamu, ntchito yeniyeni yopulumutsa nyumba ili m'manja mwanu ndipo imachitika moto usanabwere. Nyumba zambiri sizipsa ndi malawi aakulu aja ayi, zimapsa ndi mbaliwali ndi timakala touluka ndi mphepo mtunda woposa kilomita, n'kukatera m'magata a padenga odzadza masamba ouma, pansi pa khonde lamatabwa, pa mulu wa nkhuni wotsamira khoma. Ndiye apa nzeru ya amayi athu yosesa pabwalo ija ndi imene ikugwira ntchito: mita imodzi ndi theka kuzungulira nyumba pasakhale choyaka chilichonse, magata ayere, nkhuni ndi silinda ya gasi zikhale patali, udzu wofupika, nthambi za m'munsi ndi zokhudza denga zidulidwe. Paini, bulugamu ndi watulo zoyandikira nyumba muwauze abwana kuti n'zoopsa. Kachipinda kanu ka kuseri kaja musakaiwale, kawirikawiri ndi komwe kamakhala kumalire ndi tchire ndipo ndi komwe amaunjikirako zinyalala za m'gadeni.

Koma ntchito zimenezi muzichita m'mawa kukadali chinyezi, tsiku lopanda chenjezo. Tsiku lotentha la mphepo osatchetcha ndi makina, mpeni wake ukamenya mwala umatulutsa moto, osagwiritsa girayinda kapena kuwotcherera panja, osatentha zinyalala, osaimika galimoto pa udzu wautali wouma chifukwa kunsi kwake kumatentha. Kuwotcha nyama pa Loweruka kuja makala muzithira madzi, kuvundula, kuthiranso mpaka mutha kuwagwira ndi dzanja, kukwirira ndi dothi kokha sikuzimitsa. Ndudu ndiye sindinena. Moto wambiri kunjako amayatsa ndi anthu kuposa mphenzi, ndipo ukadziwika kuti unachokera kwa iwe ndi mlandu wa kukhoti, mlendo ngati inu mukudziwa mmene zingathere. Abwana akanena kuti tsala uzithira madzi padenga iwo akukwera galimoto, kanani mwaulemu mukwere nawo, kapaipi ka m'gadeni sikangalimbane ndi moto wa phiri ndipo pampu imaima magetsi akathima.

Zikavutitsitsa mwatsekeredwa, funani malo opanda choyaka, bwalo la mpira, pamalo poimika magalimoto, munda wolimidwa, kapena pa lupsa pomwe moto wadutsa kale. Muli m'galimoto imani pambali kutali ndi mitengo, magetsi oyaka, mawindo ndi molowera mpweya motseka, mugone pansi pa mawindo mutafunda bulangete laubweya mpaka motowo udutse. Chimapha anthu ambiri ndi kutentha kochokera patali ndi utsi, malawi asanafike n'komwe.

Utsiwo umavutitsa ngakhale muli kutali, mu June 2023 wa ku Canada unafika mpaka ku New York kumwamba kuchita kufiira. Timasiki tansalu ta nthawi ya Covid sitithandiza, gulani masiki a N95 kapena FFP2, tsekani mawindo, ana ndi amphumu ndi amayi oyembekezera asatuluke.

Moto ukazima nkhani ya phiri sinathe. Phiri lopsa siligwira madzi, mvula yamabingu ikagwa yamphamvu ngakhale kwa mphindi zochepa matope ndi miyala zimatsika ngati napolo. Ku Montecito ku California mu January 2018 anthu 23 anafa choncho, patangopita milungu yochepa moto utadutsa m'mapiri a kumtunda kwawo. Ife amene tinaona za ku Chilobwe nthawi ya Freddy mu March 2023 sitifunika kufotokozeredwa zambiri. Ngati mukukhala kunsi kwa phiri lomwe lapsa ndiye kwalengezedwa mvula yamphamvu, kagoneni kwina usiku umenewo.

Pomaliza penipeni, mukafika pabwino tumizani kameseji kamodzi kuno kumudzi foni isanathime, kongoti ndili bwino ndili pakuti. Mutipatsenso nambala ya munthu wina amene mumakhala naye pafupi. Achimwene aja pano kachikwama kawo kamakhala pa msomali kuseri kwa chitseko kuyambira November, ndipo nambala ya neba wawo ndinailemba pa kalendala m'chipinda chochezera kuno, pomwe amayi atha kuiona ngakhale ine kulibe.