Wonga wa mfuti wakale: mmene mungadziwire kuti waonongeka, ndi choti muchite nawo

Ambiri mwa ife olankhula Chichewa muno mu Harare timagwira ntchito m'nyumba za ku Borrowdale, Highlands ndi Greendale, ena m'mafamu ozungulira mzindawu, enanso kwa alenje a safari. Ndife amene timatumidwa kukonza garaja mwini nyumba akatisiya kapena banja likamasamuka. Kuseri kwa zitini za penti nthawi zina kumapezeka chitini cha wonga umene mkuluyo ankathira m'zipolopolo zake. Malangizo awa ndi anu amene mwachipeza, komanso a inu ochepa amene muli ndi chilolezo chodzazanso zigoba za zipolopolo.

Choyamba, wonga uli mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Uja makolo ankathira m'gogodela ndi wakuda, wotulutsa utsi wochuluka. Wa m'zipolopolo zamakono suchita utsi wambiri, ndipo amaupanga ndi mankhwala otchedwa nitrocellulose, wina amaonjezeramo nitroglycerine. Paul Vieille anaupanga koyamba ku France mu 1884, ndipo Angerezi anatulutsa wawo wotchedwa cordite mu 1889, uja wooneka ngati timizere tatitali m'zipolopolo zakale za mfuti ya .303. Wonga wamakonowu uli ndi mphamvu zoposa wakuda kutalitali. Wina akakuuzani kuti mumutengere pang'ono kumudzi akathire m'gogodela, mukanitsitse. Mpope wa gogodela sungapirire, umaphulikira m'manja ndi kumaso.

Vuto la wonga wopanda utsi ndi loti umayamba kuonongeka kuyambira tsiku limene unapangidwa. Nitrocellulose amatulutsa pang'onopang'ono mpweya wa asidi, ndiye opanga amathiramo mankhwala ena, kawirikawiri diphenylamine, oti azimeza mpweyawo. Mankhwalawa amatha. Akatha, asidi uja amadya wonga wotsala, kudyako kumabala kutentha, ndipo kutenthako kumafulumizitsa kudyako. Mapeto ake chitini chikhoza kuyaka chokha popanda woyatsa machesi. Izi si nkhambakamwa: zombo ziwiri za nkhondo za ku France, Iéna mu 1907 ndi Liberté mu 1911, zinaphulika padoko la Toulon, ndipo mlandu unagwera wonga wokalamba. Tsono ganizirani garaja ya malata mwezi wa Okutobala kuno kwathu, zitseko zili zotseka tsiku lonse, kenaka chinyontho cha dzinja n'kulowa. Chitini chosungidwa pozizira chimatha zaka makumi angapo chili bwino, koma chokhala pansi pa malata chimakalamba msanga.

Musanatsegule, yang'anani kunja. Chitini chotupa, chivindikiro chodyeka ndi dzimbiri, pepala la dzina lofiirira kapena lophwanyika lokha, zitsulo zoyandikana nacho zochita dzimbiri pamene zina m'chipindamo zili bwinobwino, zonsezi zikusonyeza kuti asidi akutuluka. Chikakhala chofunda pochikhudza, musachitsegule n'komwe, musachinyamule. Tulutsani ana ndi aliyense, itanani apolisi kapena ozimitsa moto.

Ngati kunja kuli bwino, mwini chilolezo atsegulire panja, pamthunzi, kutali ndi fodya, mbaula ndi jenereta. Wonga wabwino umamveka kafungo ka mankhwala kotsekemera pang'ono, ndipo wina wakale sumveka fungo lililonse. Woonongeka umabaya m'mphuno, fungo lake ndi lowawasa. Musaike mphuno pakamwa pa chitini, mpweyawo umapweteka mapapo; kupizani ndi dzanja chapatali. Thirani pang'ono papepala loyera. Mukaona kafumbi kofiirira konga dzimbiri katatsalira papepalapo, kapena timibulu titamatana, kapena kautsi kofiirira potsegula, wongawo watha ntchito.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amalakwira pomwepa. Mphuno ndi maso zimakuuzani kuti wonga waonongeka, koma sizingakuuzeni kuti ndi wonga wanji. Timibulu tina ndi tozungulira, tina taphwatalala, tina tatitali, koma mitundu yambiri yosiyana mphamvu imaoneka chimodzimodzi. Wonga wa pisitolo ndi wa shotigani umayaka mwachangu, wa mfuti zazikulu zosakira umayaka mochedwerapo. Mukadzaza chigoba cha .308 kapena .375 ndi wonga wofulumira uja, mfuti imang'ambika pa kuombera koyamba. Choncho wonga wa m'botolo la jamu, wa m'chitini cha khofi, wa m'chitini chimene dzina linafufutika kapena linalembedwa pamanja ndi munthu amene simungamufunsenso, suyenera kulowa m'chipolopolo, ngakhale uoneke wokongola chotani. Chimodzimodzinso wokhuthulidwa m'zipolopolo zakale za asilikali, poti palibe buku lonena muyeso wake. Ndikudziwa kuti wonga ndi wodula ndipo supezeka wamba muno, ndiye kutaya chitini chodzaza kumawawa. Koma diso ndi zala sizigulidwa.

Ngakhale dzina likuwerengeka, werengani lonse. IMR 4350 ndi H4350 ali ndi nambala imodzi koma ndi wonga wosiyana, uliwonse uli ndi muyeso wake. Wa kampani ya Somchem wochokera ku South Africa, monga S335 ndi S365, nawonso uli ndi buku lake. Ndipo chitini chotsegulidwa kale chikhoza kukhala ndi wonga wina umene mwini wake anabwezeramo molakwitsa. Timibulu tikaoneka ta mitundu iwiri, ndiye kuti wasakanizika, musaugwiritse.

Chitini chikakhala cha kufakitale, dzina lomveka, fungo labwino, mbiri yake mukuidziwa, yambani ndi muyeso wotsika kwambiri wa m'buku la opanga wongawo, osati umene mkulu uja analemba m'kope mwake. Yesani pa sikelo, dzazani zipolopolo zochepa, kaziyeseni ku malo ovomerezeka oomberako mutavala magalasi oteteza maso. Chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti (bolt) chikalimba potsegula, kapena primer (kachitsulo ka kumbuyo kwa chigoba koyatsa wonga) ikaoneka yophwatalala kapena yobooka, lekerani pomwepo. Patebulo pazikhala chitini chimodzi chokha, ndipo zotsala za zitini ziwiri zisaphatikizidwe.

Kasungidwe nako n'kofunika. Wonga ukhale m'chitini chake, pozizira ndi pouma, m'kabati ya matabwa yokhoma. Sefa yachitsulo yotsekeka kwambiri ndi yabwino kwa mfuti, koma wonga ukayakira mmenemo mpweya umasowa potulukira ndipo sefayo imaphulika. Lembani pachitini tsiku limene mwachiona, ndipo muzichiyenderanso chaka ndi chaka nyengo yotentha isanafike.

Kwa inu a m'munda ndi a m'nyumba amene mwangochipeza: lamulo la Firearms Act, Chapter 10:09, ndi lokhwima pa nkhani ya mfuti ndi zipolopolo, ndipo munthu wopanda satifiketi akapezeka nazo ndi mlandu. Musachitengere ku Mbare kukagulitsa, musakwere nacho kombi kupita ku Mabvuku kapena ku Epworth. Musachiponye m'bini, chifukwa chikathera kudzala la Pomona kumene moto wabukapo kangapo. Musachiike pamulu wa masamba oti muotche madzulo. Chisiyeni pomwe chili, auzeni eni nyumba, ndipo iwo kapena inu mukanene kupolisi ya dera lanu kuti abwere adzachione okha. Zipolopolo zakale zimene zachita zobiriwira kapena zong'aluka pakhosi muzisonyezenso tsiku lomwelo, ndipo mupemphe kuti zonse zimene atenga azilembe m'buku lawo.